Za Maina a Cibale: Atsibweni ndi Atate Aang'ono

Mwana wa ku mapiri a Dedza ayamba kuphunzira mwambo asanalangizidwe ndi munthu, pakuti aupeza m'maina amene aitana nao akulu ace. Mng'ono wa amace ati mai wamng'ono. Mkulu wa atate ace ati atate aakulu. Ndipo ana a iwowa ali abale ace, monga obadwa nao m'nyumba imodzi. Koma mlongo wa amace samuyesa tate ai. Ameneyo ndiye mtsibweni, mwini mbumba, amene aimirira ana a mlongo wace pa mlandu, nakonza za unkhoswe pa ukwati wao. Ana ace ndiwo asuweni, oseka nao, ndipo mwa mwambo wa Acewa angathe kukwatirana.

Taonaninso mau akuti mlongo. Mwamuna anena mauwa za mkazi, mkazi nanena za mwamuna. Koma amuna okhaokha, kapena akazi okhaokha, ati mkulu ndi mng'ono. Cotero Mcewa sachula mbale wace osaululako ngati ali mkulu, mng'ono kapena mlongo, kumene Mngelezi angofunsa ngati ali mwamuna kapena mkazi.

Ophunzira za mitundu ya anthu anasamala izi kale. Lewis Henry Morgan wa ku America anasonkhanitsa maina a cibale a mitundu yambiri m'buku la 1871. Mu 1924 Radcliffe-Brown anaonetsa kuti malume, mau a kumwera amene anafika kuno ndi Angoni, atanthauza mai wamwamuna. Ifenso tiri nao mau ofanana nao, pakuti azakhali ena awati atate aakazi.

Kodi tsono cinenero ndico cilamulira maganizo? Benjamin Whorf anaphunzitsa kuti ciwatsogolera kwambiri, koma ife tiyesa kuti mphamvu yace iri ndi malire. Angoni a kwa Kacindamoto ndi a kwa Gomani anasiya Cingoni nalankhula Cicewa, koma ngoma avinabe, ndi mafumu ao awalonjerabe mwa Cingoni. Mau sammanga munthu. Cimene acita ndico kumkumbutsa tsiku ndi tsiku amene ayenera kumvera, ndi amene angathawireko njala ikagwa.

Cifukwa cace tidandaula pomva ana a sukulu alikuti ankolo kwa mtsibweni ndi kwa tate wamng'ono yemwe. Anthu awiriwa nchito zao nzosiyana, ndipo mau amodzi aziphimba. Zoonadi mphamvu ya mtsibweni yacepa pa zifukwa zinanso: lamulo la cuma ca masiye la 2011 liika patsogolo mkazi wamasiye ndi ana, si mphwa ai. Komatu tsiku la cinkhoswe likafika, akucimuna sadzafunsa za ankolo. Adzafunsa kuti, Mwini mbumba ndani? Ndipo mtsikana ayenera kudziwa khomo loti awalozere.