Mantha a kompyuta

Mantha a kompyuta ndi nkhawa imene imagwira munthu akakhala patsogolo pa kompyuta, kapena akangoganiza zoti posachedwa adzafunika kuigwiritsa ntchito. M'Chingerezi amawatchula kuti computer anxiety kapena computerphobia. Ena mtima umagunda kwambiri, m'manja mumatuluka thukuta, ndipo zimene auzidwa kumene amaziiwala nthawi yomweyo. Koma ambiri saonetsa chizindikiro chilichonse. Amangozemba: amati "ndiphunzira mwezi wamawa", amatuma mwana kuti awalembere kalata, kapena amaleka kufunsira ntchito akaona kuti pamafunika wodziwa kompyuta. Kwa anthu ochuluka mantha amenewa si matenda, ndipo amachepa munthu akayamba kuzolowera makinawo.

Mbiri yake

Nkhaniyi inayamba kukambidwa kwambiri ku United States kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kale makompyuta anali aakulu, odula, ndipo ankawagwira ndi akatswiri okhaokha. Zinthu zinasintha pamene makompyuta ang'onoang'ono anayamba kulowa m'maofesi ndi m'masukulu. Kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake yotchedwa IBM PC mu 1981, ndipo Apple inatulutsa Macintosh mu 1984. Alembi, aphunzitsi ndi mabwana amene anagwira ntchito zaka zambiri ndi pepala komanso taipi anangouzidwa kuti tsopano asinthe. Mu 1981 katswiri wa maganizo a anthu, Timothy Jay, analemba nkhani yokhudza computerphobia m'magazini ya zamaphunziro, ndipo mu 1984 Craig Brod anatulutsa buku lotchedwa Technostress. Mu 1987 ofufuza atatu, Heinssen, Glass ndi Knight, anakonza mndandanda wa mafunso woyezera kukula kwa manthawa, wotchedwa Computer Anxiety Rating Scale.

Apa pali mfundo imene anthu ongoyamba kumene sailingalira. Vutoli silinayambire kwa anthu osaphunzira kapena akumudzi. Linayamba kuonekera pakati pa anthu a m'maofesi, m'dziko limene makompyutawo ankapangidwira.

Chimene anthu amaopa

Mantha aakulu ndi oopa kuwononga. Kompyuta ndi yodula, ndipo kawirikawiri imene munthu amayambira kuphunzira si yake: ndi ya sukulu, ya ku ofesi kapena ya wachibale. Ndiye amaganiza kuti akadina batani lolakwika makinawo apsa, kapena zonse zimene zili m'katimo zifufutika, iye n'kuuzidwa kuti alipire.

Palinso manyazi. Munthu wamkulu amene amalemekezedwa pa ntchito pake sasangalala kufunsa mwana wa zaka khumi kuti chilembo chakuti chili pati. Kiyibodi nayo siithandiza, chifukwa zilembo zake sizinandandalikidwe monga A, B, C. Zimatsata ndondomeko ya QWERTY imene inachokera ku makina a taipi a zaka za m'ma 1870. Choncho ngakhale munthu wodziwa kulemba bwino ndi cholembera amasakasaka chilembo chimodzi ngati mwana wa sitandade 1, ena akumuyang'ana.

Chiyankhulo chimawonjezera vutoli. Mauthenga ambiri amene kompyuta imatulutsa amakhala m'Chingerezi, ndipo si Chingerezi cha m'kalasi ayi. Mawu ngati error, fatal, abort kapena illegal operation, amene makompyuta akale ankakonda kuonetsa, amamveka ngati munthu wapalamula mlandu, chonsecho akungotanthauza kuti pulogalamu yalephera kuchita chimene yauzidwa. Enanso amaopa kuti kompyuta idzawalanda ntchito, ndipo mantha amenewo sitinganene kuti alibe maziko, pakuti ntchito zina, monga ya otaipa makalata m'maofesi, zinachepadi.

Zimene zingawonongeke ndi zimene sizingawonongeke

Kudina batani lolakwika pa kiyibodi sikuotcha kompyuta. Zimene zimawononga makinawo ndi madzi kapena tiyi wotayikirapo, fumbi, kutentha, kugwa pansi, ndi magetsi obwera mwamphamvu akayaka pambuyo pozima. Zonsezi zilibe chochita ndi kudziwa kapena kusadziwa kulemba.

Opanga mapulogalamu amadziwa kuti anthu amalakwitsa, choncho anaikamo njira zobwerera m'mbuyo. Pa Windows, kudina Ctrl pamodzi ndi Z kumabweza chimene munthu wangochita kumene, kaya wafufuta ndime yonse. Pa makompyuta a Apple amadina Command ndi Z. Ctrl ndi S amasunga ntchito, ndipo kumene magetsi amazimazima ndi bwino kuzolowera kudina mabatani awiriwa pafupipafupi. Batani la Esc limatseka timawindo tambiri totulukira mwadzidzidzi. Fayilo imene yafufutidwa siitheratu, imapita mu Recycle Bin, malo amene akhalapo kuyambira pa Windows 95, ndipo ikhoza kubwezedwa. Koma apa pofunika kusamala: fayilo yofufutidwa pa fulashi kawirikawiri siidutsa mu Recycle Bin, ndipo chimodzimodzi yofufutidwa podina Shift ndi Delete. Pulogalamu ikafunsa ngati munthu akufunadi kufufuta kanthu, funsolo ndi lofunika kuliwerenga, osangovomera. Kompyuta ikauma osayankha, kukanikiza batani loyatsira kwa masekondi angapo kumaizimitsa. Ntchito imene sinasungidwe imatayika, koma makinawo amayakanso.

Chinthu chimene chimasokoneza oyamba ambiri n'chaching'ono kwambiri. Batani la Caps Lock likadinidwa mwangozi, zilembo zonse zimatuluka zazikulu, ndipo pasiwedi imakanidwa ngakhale munthu ailembe molondola. Ambiri amafika poganiza kuti awononga kompyuta, pamene chofunika n'kungodinanso batani lomwelo.

Mmene mantha amathera

Mu 1977 Albert Bandura wa ku Stanford University anafotokoza kuti chimene chimalimbitsa munthu mtima pa ntchito ina iliyonse, koposa zonse, ndi kuichita yekha n'kuona kuti yatheka. Kuonerera wina akuchita kumathandiza, mawu olimbikitsa amathandizanso, koma sizifika pa kugwira ndi manja ako. N'chifukwa chake mphunzitsi amene amalanda mausi n'kunena kuti "taimani ndikuonetseni" amakhala akukulitsa mantha a wophunzira, ngakhale cholinga chake chili chabwino. Wophunzirayo amangoona zinthu zikuthamanga pa sikirini, n'kutsimikiza kuti iye sangathe. Mphunzitsi wabwino amakhala pambali, manja ake ali kutali ndi kiyibodi, n'kudikira.

Kusewera nako ndi njira yodziwika. Microsoft inaika masewera a makhadi otchedwa Solitaire mu Windows 3.0 m'chaka cha 1990, pamene anthu ambiri anali asanagwirepo mausi. Posewera, munthu ankaphunzira kudina, kukoka khadi ndi kulisiya pamalo ena, osazindikira n'komwe kuti akuphunzira. Palibe amene amachita mantha kuti walakwitsa kuika khadi.

Mu 1999 Sugata Mitra anaika kompyuta pakhoma m'dera la anthu osauka la Kalkaji mu mzinda wa New Delhi ku India, n'kuisiya popanda mphunzitsi. Ana a m'deralo, amene ambiri mwa iwo sankadziwa Chingerezi, anaphunzitsana okhaokha kuyendetsa makinawo ndi kutsegula intaneti. Ntchitoyi imadziwika kuti Hole in the Wall. Ofufuza ena anaitsutsa ponena kuti anawo ankathera nthawi yambiri pa masewera, ndiponso kuti makompyuta ena anasiya kugwira ntchito chifukwa chosowa owasamalira. Komabe chimodzi chinaoneka poyera: ana amadina kaye n'kuona chimene chichitike, pamene akuluakulu amafuna kudziwiratu chimene chichitike asanadine.

Kwa munthu wamkulu, chothandiza ndi kuyamba ndi ntchito imodzi imene akuifunadi, monga kulemba kalata yofunsira ntchito kapena kutumiza imelo kwa mwana amene ali kutali, m'malo moloweza mayina a ziwalo za kompyuta. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa tsiku lathunthu kamodzi pamwezi. Kulemba masitepe m'kope ndi mawu ako sikochititsa manyazi.

Ku Malawi

Ku Malawi anthu ambiri amayamba ndi foni, ndipo kompyuta amakumana nayo mochedwa, ena akafika ku koleji kapena akayamba ntchito. Phunziro la Computer Studies lilipo pa mayeso a MSCE, koma si sukulu zonse zimene zili ndi makompyuta kapena magetsi. Chodabwitsa n'chakuti munthu amene amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi kucheza pa WhatsApp tsiku lililonse, amanenabe kuti "za makompyuta sindizidziwa". Foni yamakono ndi kompyuta ndithu, kungoti ndi yaing'ono, ndipo luso lotsegula pulogalamu, kulemba uthenga ndi kusunga nambala yachinsinsi ndi lomwelo.

William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi ali mnyamata, anaona intaneti koyamba mu 2007 pa msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha m'dziko la Tanzania, ali ndi zaka 19. Chimene anafufuza pa Google chinali makina a mphepo omwewo. Mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku United States. Chaka chomwecho, mu December, Chichewa chinalowa pa Google Translate, ndipo m'sukulu zina za pulaimale ana amaphunzira masamu ndi kuwerenga m'Chichewa pa matabuleti okhala ndi mapulogalamu a bungwe la onebillion.

Mantha oyenera kukhalapo

Si mantha onse amene ayenera kutha. Munthu akazolowera kompyuta amayamba kudina mofulumira, ndipo mpamene akuba a pa intaneti amamupezerera. Uthenga wonena kuti wapambana mphoto pa mpikisano umene sanalowe, imelo yofunsa pasiwedi kapena nambala yachinsinsi ya ku banki, ndi fulashi ya munthu wina imene ikhoza kukhala ndi vairasi, ndi zinthu zofunika kuzikayikira. Mabanki ndi makampani a mafoni safunsa nambala yachinsinsi ya kasitomala pa foni kapena pa imelo. Amene akugwiritsa ntchito kompyuta ya pagulu, monga ya ku laibulale kapena malo olipira intaneti, azikana pulogalamu ikamufunsa zosunga pasiwedi, ndipo azituluka mu imelo yake asanadzuke pampando.