Mpeni wouma kwambiri suchedwa kuthyoka

Anthu ambiri pogula mpeni kapena chikwanje kwa osula zitsulo amangofunsa ngati chitsulocho ndi cholimba. Koma kwa akatswiri a zitsulo, mawu akuti kulimba amabisa zinthu ziwiri zosiyana, zomwenso kawirikawiri zimalimbana. China ndi kuuma, komwe kumachititsa kuti mpeni usabunthe msanga. China ndi kupirira, kutanthauza mphamvu yomwe chitsulo chili nayo yolandira nkhonya popanda kubenthuka kapena kuthyoka.

Galasi ndi louma zedi koma silipirira. Waya womangira mpanda amapirira, amangopindika, koma sangadule kanthu. Ntchito ya wosula ndi kupeza malo oyenera pakati pa ziwirizi, potengera zomwe mpeniwo ukachite.

Chomwe chimasiyanitsa kwambiri zitsulo ndi kuchuluka kwa kaboni. Pa ndondomeko yotchulira zitsulo ya ku America, manambala awiri omalizira amasonyeza kaboniyo: chitsulo cha 5160 chili ndi kaboni pafupifupi 0.60 peresenti, pomwe cha 1095 chili ndi pafupifupi 0.95 peresenti. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala, koma pa chipala ndi kwakukulu.

Chitsulo cha 5160 ndi chomwe chimapangira masipuling'i amagalimoto, aja osanjikizana pansi pa malole ndi mapikapu. Mnzake wa ku Japan wotchedwa SUP9 amafanana nacho kwambiri. Chitsulochi chinapangidwa kuti chizipindika ndi kubwerera m'malo mwake kambirimbiri galimoto ikamadutsa m'mabampu, choncho chikasulidwa bwino chimapirira nkhonya kuposa zitsulo zambiri zopangira mipeni. N'chifukwa chake osula a m'dziko muno amakonda masipuling'i otha ntchito posula zikwanje, nkhwangwa ndi akasemasema. Nzeruyi si ya kuno kokha ayi, pakuti ku Nepal nakonso mipeni yotchuka ya kukri amaisula kuchokera ku masipuling'i amalole.

Komabe sipuling'i yakale ili ndi chinsinsi chake. Ikakhala kuti yayenda zaka zambiri pansi pa katundu wolemera, imatha kukhala ndi timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo timing'aluti timadzaonekera mpeni utatha kale kusulidwa.

Tupa wakale ndi wosiyana. Kaboni wake nthawi zambiri amafika 1 peresenti kapena kuposerapo, mofanana ndi 1095. Mpeni wa tupa umathwa modabwitsa ndipo umatenga nthawi usanabunthe, koma sufuna nkhanza. Ndi wabwino kusendera chikopa kapena kudulira nyama, koma woutenga kukatemera fupa kapena msungwi asadabwe ukabenthuka. Zitsulo zoika m'konkire, zomwe ena amasulira mipeni kaamba kotchipa, kaboni wake kawirikawiri safika 0.3 peresenti. Mpeni wotere suthyoka, koma suuma mokwanira, ndipo mwini wake amakhalira kunola.

Chifukwa chomwe kaboni wochuluka amachepetsera kupirira chili mkati mwa chitsulo. Kaboni akapitirira pafupifupi 0.8 peresenti, wotsalayo amaundana n'kupanga timibulu touma kwambiri. Timibuluti timathandiza kuti mpeni usaperepeseke msanga, koma ndi pomwenso mng'alu umayambira, monga momwe khoma limang'alukira pamene pali mwala waukulu m'matope. Timibulu tikakula, chitsulo chimathyoka mosavuta.

Izi zimaonekera bwino pa zitsulo zokhala ndi chromium wambiri. Chitsulo chosachita dzimbiri, chomwe Harry Brearley anachipanga ku Sheffield m'dziko la England m'chaka cha 1913, chimayenera kukhala ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti. Cha 440C chili ndi chromium wapakati pa 16 ndi 18 peresenti komanso kaboni woposa 0.95 peresenti, choncho timibulu take ndi tikulutikulu. Cha D2, chomwe chili ndi kaboni 1.5 peresenti ndi chromium 12 peresenti, chilinso chimodzimodzi: chimachedwa kubuntha, n'chovuta kunola, ndipo sichipirira nkhonya.

Koma n'kulakwa kuganiza kuti chitsulo chilichonse chosachita dzimbiri n'chosachedwa kuthyoka. Cha AEB-L, chomwe chinapangidwira malezala ku Sweden, chili ndi chromium 13 peresenti koma kaboni wosafika 0.7 peresenti. Timibulu take ndi ting'onoting'ono zedi, ndipo pa zoyesa zomwe katswiri wa zitsulo wa ku America, Larrin Thomas, yemwe analemba buku la Knife Engineering m'chaka cha 2020, wakhala akufalitsa, chitsulochi chili m'gulu la zopirira kwambiri mwa zosachita dzimbiri. Vuto lake kwa wosula wakumudzi ndi lakuti zitsulo zoterezi zimafuna kutentha kopitirira madigiri 1,000 koyezedwa bwino, zomwe n'zovuta kuzikwanitsa ndi makala ndi mvukuto.

Kupirira kumayezedwa ndi njira yomwe Georges Charpy wa ku France anaikhazikitsa m'chaka cha 1901. Nyundo yolemera yolendewera ngati katungwe imamenya kachitsulo kochekedwa pang'ono pakati, ndipo mtunda womwe nyundoyo yakwera itathyola kachitsuloko umasonyeza mphamvu yomwe yatha pothyolapo. Kuuma kumayezedwa padera ndi muyezo wa Rockwell, ndipo mipeni yambiri imakhala pakati pa 55 ndi 62. Choncho ofesi yomwe ikugula zikwanje zambiri, kaya za ogwira ntchito zankhalango kapena zolambulira misewu, ikangolemba nambala ya kuuma yokha ndiye kuti yafunsa theka la funso. Chikwanje chimayenera kukhala chofewerapo kuposa mpeni wakukhitchini.

Ngakhale zili choncho, dzina la chitsulo silitsimikizira kanthu ngati moto sunayende bwino. Wosula amawotcha mpeni mpaka maginito ataleka kuugwira, zomwe zimachitika pa madigiri pafupifupi 770, n'kuwonjezerako pang'ono, kenaka amauviika kuti uzizire mwadzidzidzi. Akaupsereza mpaka kufika pachikasu chowala, chitsulo chimakhala ndi njere zikuluzikulu mkati ndipo chimathyoka ngati mbale yadothi. Chitsulo cha sipuling'i chimafuna kuviikidwa mu oyilo, chifukwa madzi amachiziziritsa mofulumira kwambiri mpaka kung'aluka.

Gawo lomwe ofulumirira kumsika amakonda kulidumpha ndi lomaliza. Mpeni ukangotuluka mu oyilo umakhala wouma ngati galasi, ndipo umayenera kutenthedwanso pang'onopang'ono pa madigiri pafupifupi 200, mpaka chitsulo chopalidwa bwino chitaoneka ngati udzu wouma. Apa umataya kuuma pang'ono n'kupeza kupirira kochuluka. Osula aluso amatenthetsa kwambiri kumsana kwa chikwanje kusiyana ndi kukamwa kwake, kuti msana uzilandira nkhonya pomwe kukamwa kukudula. Wogula akhoza kuyesa ndi tupa: akalowa mosavuta kukamwa kwa mpeni ndiye kuti sunaume, ndipo akaterera ponseponse mpaka kumsana osagwira n'komwe, mpeniwo ungathe kuduka tsiku lomwe udzakumane ndi mfundo ya mtengo.