Lole Ikafooka Pachitunda, Yambani Mwaona Sefa ya Mafuta

Anzanga, ambiri a inu mumaudziwa msewu wa Khwekhwelere. Umachoka pa Golomoti, n'kukwera phiri mokhotakhota mpaka pa Masasa. Mwina munaonapo lole itaima pakati pa phirilo, miyala ili kumateyala. Pamwamba pali matumba a mpunga wa ku Bwanje, kapena madengu a nsomba za kunyanja. Dzuwa likuswa mtengo. Nsomba zayamba kununkha, ndipo msika wa ku Dedza ukutha eni katundu ali panjira.

Zikatere ambiri amati, "Injini yafa." Koma kawirikawiri injini imakhala ili bwinobwino. Changovuta n'chakuti mafuta sakufika. Zimene zimatsekereza mafuta ndi zitatu: zinyalala, madzi ndi mpweya. Mukazidziwa zimenezi, simudzataya ndalama pachabe, kaya lole ndi yanu, kaya mwangochita hayala.

Njira ya mafuta

Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto monga ya petulo. Iyo imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri. Kenaka mafuta amapoperedwa mumpweya wotenthawo, n'kuyaka okha. Amene anapanga injini yotere ndi Rudolf Diesel wa ku Germany, ndipo injini yake inayenda bwino mu 1897. Dzina loti dizilo linachokera kwa iyeyo.

Mafuta amayamba ulendo wawo m'thanki. Amadutsa m'paipi, pampu yaing'ono ikuwakoka. Kenaka amalowa m'sefa ya mafuta, imene amakaniko amati filter. Akachoka m'sefa amapita ku pampu yaikulu. Pampu imeneyi imawakankha mwamphamvu kupita ku tinsonga towaza mafuta mu injini, totchedwa injector. Timabowo ta tinsongati n'tating'ono zedi. Kamchenga kamene diso silingakaone kangathe kutiwononga.

Nchito ya sefa ndi yofanana ndi ya sefa ya amayi yosefera ufa. Ufa umadutsa, misere imatsala. Koma sefa ya mafuta sakutumula. M'kati mwake muli pepala lopindapinda. Pepalalo likadzaza zinyalala, mafuta amadutsa pang'ono. Pamalo osalala, monga pamsewu wochoka ku Mtakataka kupita ku Mua, lole imayenda ndithu. Koma pachitunda injini imafuna mafuta ambiri, ndiye pamene imafooka.

Kodi zinyalala ndi madzi zimachokera kuti?

Kuno kwathu kuli fumbi lambiri m'chilimwe. Fumbi limalowa pothira mafuta. Thanki yakale nayo imachita dzimbiri. Madzi amabwera chonchi: masana kumatentha, usiku kumazizira. Thanki ikakhala ndi mafuta ochepa, m'kati mwake mumachita mame. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, choncho amadikha pansi, pomwe paipi imakokera mafuta.

Mukukumbukira mu 2011 ndi 2012, ndiponso mu 2022, pamene mafuta anasowa m'dziko muno. Anthu ankagula a m'zigubu. Chigubu chosatsuka chimabweretsa zinyalala ndi madzi. Ena osaona mtima amasakaniza ndi parafini. Parafini alibe kuterera kumene pampu imafuna, ndiye pampu imaperepeseka msanga.

Kusintha sefa

Konzani izi: sefa yatsopano ya nambala yofanana ndi yakale, sipanala, beseni ndi nsanza zoyera. Nambala imalembedwa pasefa pomwepo. Ikopereni papepala musanapite kukagula. Tsono tsatani izi mwa ndondomeko:

1. Imikani lole pamalo abwino. Zimitsani injini. Ikani miyala kumateyala. Pasakhale wosuta fodya pafupi.

2. Pukutani fumbi lonse pamwamba pa sefa ndi m'mbali mwake musanamasule chilichonse.

3. Tcherani beseni pansi. Ngati kunsi kwa sefa kuli kawaya, kachotseni mosamala. Kachipangizo kamene kawayako kamalumikizako kamazindikira madzi. Mudzakasamutsire kusefa yatsopano.

4. Masulani sefa yakale. Khuthulirani mafuta ake m'beseni, muwayang'ane. Mukaona matope kapena madontho a madzi pansi, mwapeza chimene chimavutitsa lole.

5. Onetsetsani kuti kamphira kozungulira kakale kachoka. Timphira tiwiri tikasanjikizana, mafuta amadontha ndipo mpweya umalowa.

6. Pakani mafuta oyera pang'ono pa kamphira katsopano. Mangani sefa ndi manja okha mpaka kamphira katakhudza. Kenaka onjezani pang'ono monga alembera pasefapo. Kumanga ndi chitsulo kumaphwanya kamphira.

Musathire mafuta a m'chigubu m'sefa yatsopano kuti idzaze msanga. Mafuta amenewo angapite ku pampu osasefedwa.

Kuchotsa mpweya

Apa ndi pamene ambiri amalephera. Sefa yatsopano imabwera yodzaza mpweya. Pampu imakankha mafuta, koma mpweya umangofinyika osapita patsogolo. Ndiye injini siyaka, kapena imayaka n'kuzimanso.

Malole ang'ono ambiri, monga Toyota Dyna, Isuzu ndi Mitsubishi Canter, ali ndi kapampu ka manja pamwamba pa sefa kapena pambali pa pampu yaikulu. Pafupi pake pamakhala kabawuti kotulutsira mpweya. Masulani kabawutiko pang'ono, osakachotsa. Yambani kupopa. Poyamba patuluka mpweya wokha, kenaka thovu. Musasiye. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitirizani mpaka patuluke mafuta okhaokha opanda thovu. Tsono mangani kabawuti, mupopenso mpaka kapampu kalimbe.

Tsopano lizani injini. Ikapanda kuyaka, musaumirire kupitirira masekondi 15. Pumani pang'ono, mupopenso. Kuumirira kumatha batire ndipo kumawotcha sitata. Ikayaka, isiyeni ilire kwa mphindi zingapo. Yang'anani ngati pali podontha.

Chenjezo: malole atsopano, amene injini zake amati common rail, amakankha mafuta ndi mphamvu yoopsa. Musamasule mapaipi achitsulo opita ku ma injector, ndipo musafufuze podontha ndi chala injini ikulira. Mafuta angaboole khungu n'kulowa m'thupi. Zikachitika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale bala likuoneka laling'ono. Komanso musayamwe paipi ya mafuta ndi pakamwa. Dizilo akalowa m'mapapo amadwalitsa kwambiri.

Kodi lole ikukuuzani chiyani?

Lole imalira bwino itaima, koma imafooka pachitunda. Ganizani za sefa yotsekeka.

Lole imavuta kuyaka m'mawa, kapena imayaka n'kuzima. Mwina mpweya ukulowa penapake, ndipo mafuta amabwerera m'thanki usiku. Tsatani paipi kuchokera kuthanki. Funani pong'ambika, ponyowa ndi pomasuka.

Lole imayenda mtunda ndithu n'kuzima, ikapuma n'kuyakanso. Tsegulani chotsekera cha thanki. Mukamva mpweya ukulowa kuti fuu, ndiye kuti kabowo kopumira thanki katsekeka. Katokoseni. Nthawi zina ndi kansanza kapena kapepala kamene kakutseka kukamwa kwa paipi m'thanki.

Injini ikunjenjemera ndi kutulutsa utsi woyera. Mwina m'mafuta muli madzi kapena mpweya. Masulani kotsekera ka kunsi kwa sefa, madzi atuluke mpaka mafuta oyera atayamba kubwera.

Utsi wakuda bii. Apa kawirikawiri mafuta akufika, koma mpweya wopita mu injini ndiwo wachepa. Onani sefa inayo, ya mpweya.

Mukayesa zonsezi koma osasintha, imani pomwepo. Pampu yaikulu ndi ma injector si zomasula pansi pa mtengo wa mango. Zimafuna mmisiri wokhala ndi makina oyesera. Sefa ndi yotsika mtengo, koma pampu ingadye phindu la mpunga wa chaka chonse.

Kupewa kuposa kuchiza

Dzazani thanki madzulo kuti mame asapeze malo. Musayende mpaka mafuta atatheratu, chifukwa pampu imakoka zapansi pamodzi ndi mpweya. Ngati mwagula a m'chigubu, asiyeni adikhe usiku wonse. Thirani modutsa pansalu yoyera, ndipo a pansi penipeni musathire. Mafuta akuda a m'beseni musataye m'dimba kapena pafupi ndi chitsime. Sungani sefa ina m'lole nthawi zonse. Malangizo amenewa ndi othandizanso pa thalakitala ndi pa chigayo cha dizilo.

Pomaliza, anzanga, gwiritsani nchito cholembera chanu. Gulani kope laling'ono, lizikhala m'lole. Tsiku losintha sefa lembani deti, nambala ya sefa ndi makilomita amene akuoneka pa wotchi ya lole. Buku la galimoto limanena mtunda woyenera kusinthira. M'misewu yathu ya fumbi ndi bwino kusintha mtundawo usanakwane. Kale munkadalira kukumbukira. Lero mukutha kulemba.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zinthu zitatu zimene zimatsekereza mafuta kufika mu injini.
2. N'chifukwa chiyani lole ya sefa yotsekeka imafooka pachitunda?
3. Mungadziwe bwanji kuti mpweya watha m'sefa?
4. Lembani m'kope mwanu zinthu zitatu zoyenera kulemba tsiku losintha sefa.