Galimoto zoyendera magetsi: nambala za mapulogalamu zikusokoneza eni ake

Kale galimoto ikapezeka ndi vuto lochokera kufakitale, mwini wake ankaitengera kugalaja kuti amakaniko akasinthe chipangizo. Masiku ano galimoto zambiri zoyendera magetsi zimakonzedwa zili pakhomo, pamene kampani yatumiza pulogalamu yatsopano ya kompyuta kudzera pa intaneti. Njirayi ndi yachangu, koma yabweretsa funso lomwe ambiri akulephera kuyankha: kodi munthu angadziwe bwanji kuti galimoto yake yakonzedwadi?

Nkhaniyi ikukhudza miyoyo ya anthu, pakuti mapulogalamuwa ndi amene amayendetsa mabuleki, batire ndi chiwongolero. M'chaka cha 2018, bungwe loona za ufulu wa ogula la Consumer Reports ku America linapeza kuti galimoto ya Tesla Model 3 inkayenda mtunda wautali isanaime munthu akaponda mabuleki. Patangopita masiku ochepa, kampaniyo inatumiza pulogalamu yomwe inachepetsa mtundawo ndi mamita pafupifupi 6, popanda makaniko kugwira galimoto ngakhale imodzi.

Galimoto imodzi, nambala zitatu

Kampani ya Tesla, yomwe inayamba kutumiza mapulogalamu mwanjirayi m'chaka cha 2012, ndi chitsanzo chabwino cha gwero la chisokonezochi. Mwini galimoto amakumana ndi mitundu itatu ya nambala.

Mtundu woyamba ndi wa pulogalamu yaikulu ya galimoto yonse, monga 2023.44.30. Apa 2023 ndi chaka, 44 ndi sabata ya m'chakacho, ndipo 30 ikusonyeza kukonzanso komwe kunachitika pambuyo pake. Sabatayo imaloza nthawi yomwe pulogalamuyo inkapangidwa kukampani, osati tsiku lomwe inafika m'galimoto. Sabata ya 44 imagwa kumapeto kwa October, koma pulogalamuyi inayamba kutumizidwa mu December.

Mtundu wachiwiri ndi wa maonekedwe a sikirini ya m'galimoto: Version 9 ya 2018, Version 10 ya 2019 ndi Version 11 ya 2021. Wachitatu ndi wa pulogalamu yothandiza kuyendetsa galimoto yotchedwa Full Self-Driving kapena FSD, yomwe ili ndi mndandanda wakewake. Motero anthu awiri akhoza kunena kuti ali ndi “11” pamene akukamba zinthu ziwiri zosiyana. Nambala za FSD sizitsatananso nthawi zonse: m'chaka cha 2022 kampaniyo inachoka pa 10.12 n'kulumphira pa 10.69.

Nambala yaikulu si umboni wa zatsopano

Mapulogalamuwa amakula ngati mtengo wa nthambi. Nthambi ina imawonjezera zinthu wamba monga mapu ndi nyimbo, ina imanyamula FSD yatsopano, ndipo nthawi zambiri yachiwiriyi imaphuka pa tsinde lakale. Kumayambiriro kwa 2024, eni galimoto omwe anali ndi pulogalamu ya 2024.8 anayamba adikira kuti alandire FSD 12.3, pamene anzawo a 2024.3 anali nayo kale. Chifukwa chake n'chakuti kawirikawiri kampaniyo sibwezera galimoto ku nambala yaing'ono.

Kompyuta ya m'galimoto nayo imasiyanitsa. Kumapeto kwa 2024, galimoto za kompyuta yatsopano ya Hardware 4 zinayamba kulandira FSD 13, pamene za Hardware 3 zinapatsidwa 12.6. Komanso kampani situmiza pulogalamu kwa onse tsiku limodzi. Imayamba ndi galimoto zochepa kuti ione ngati pali vuto, ndipo mayiko ena amalandira mochedwa malinga ndi malamulo awo.

Vutoli si la kampani imodzi. Volkswagen inayamba kutumiza mapulogalamu pa intaneti ku galimoto zake za ID.3 ndi ID.4 m'chaka cha 2021, koma galimoto zoyambirira zinkayenera kupita kaye kugalaja kukaikidwa pulogalamu ya 2.1 zisanalandire ya 2.3.

Malamulo akutsatira pambuyo

Mu December 2023, Tesla inalengeza zokonza galimoto zoposa 2 miliyoni ku America, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu la NHTSA litafufuza ngozi zokhudza pulogalamu ya Autopilot. Chokonzeracho chinali pulogalamu ija ya 2023.44.30. Mu April 2024, bungweli linatsegula kafukufuku wina wofuna kudziwa ngati kukonzako kunali kokwanira.

Nthambi ya United Nations yoona za malamulo a galimoto inavomereza lamulo la nambala 156 m'chaka cha 2020, ndipo linayamba kugwira ntchito mu January 2021. Lamuloli limafuna kuti kampani izisunga kaundula wa mapulogalamu a galimoto zake, kuti akuluakulu a boma athe kudziwa pulogalamu yomwe ili m'galimoto. Koma silikakamiza makampani onse kuti azilemba nambala zomwe wogula amaona m'njira yofanana.

Kwa ogula galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito

M'mayiko monga Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, galimoto zambiri zimabwera zitagwira kale ntchito ku Japan kapena ku Britain. Galimoto yamagetsi yotere ikhoza kusiya kulumikizana ndi kampani yake ikachoka m'dziko lomwe inagulitsidwa koyamba. Ngakhale kwawo komweko zimachitika: mu August 2024, Nissan inatseka ku Britain pulogalamu ya pafoni ya galimoto za Leaf zopangidwa chaka cha 2016 chisanafike, ponena kuti netiweki ya 2G yomwe zinkadalira ikuthetsedwa.

Choncho wogula asakhutire ndi nambala ya pasikirini yokha. Chodalirika ndi nambala ya chassis, yomwe sifanana ndi ya galimoto ina iliyonse. Ndi nambalayi munthu akhoza kufunsa kukampani, kapena kwa akuluakulu a m'dziko lomwe galimotoyo yachokera, ngati inali m'gulu la zoyenera kukonzedwa ndiponso ngati ntchitoyo inachitika. Ayeneranso kufunsa mtundu wa kompyuta yomwe ili m'galimotomo, komanso ngati idzathe kulandira mapulogalamu ikafika kuno, asanapereke ndalama.