Kodi chisoni chilichonse n'chofuna piritsi? Zimene tingaphunzire ku Highfield

Lokeshoni ya Highfield inamangidwa m'zaka za m'ma 1930, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Harare ku Zimbabwe, umene pa nthawiyo unkatchedwa Salisbury. Ambiri mwa okhalamo ankagwira ntchito m'mafakitale a ku Southerton, Workington ndi Willowvale, ndipo pakati pawo panali a kwathu ochuluka ochokera ku Nyasaland, ena atayenda pansi kudutsa ku Tete. Ana ndi zidzukulu zawo alipobe mpaka lero. Ena amapemphera ku CCAP, ena ku mzikiti, ndipo gule wamkulu sanathe m'malokeshoni a Harare.

Taonani zimene mbadwo umenewu wadutsamo. Lamulo la unzika la mu 2001 linasandutsa alendo anthu ambiri obadwira m'dzikomo chifukwa choti makolo awo anachokera kunja, mpaka malamulo atsopano a mu 2013 anakonzako zinthu. Mu 2005 boma linagumula tinyumba ta kuseri ndi timisika pa ntchito imene linaitcha Murambatsvina, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka wa ku United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena podyera. Mu 2008 ndalama inatha mphamvu n'kukokolola mapenshoni a anthu amene anagwira ntchito moyo wawo wonse. Edzi inatenga ana, otsala anapita ku Johannesburg, agogo n'kutsala ndi zidzukulu. Tsono mayi wa ku Highfield akamalephera kugona usiku, mtima ukugunda, mutu ukuwawa ndi maganizo a lendi ndi fizi, tinene kuti wadwala? Nanga akadwaladi, timupatse chiyani?

Maiko olemera anayankha funsoli ndi mapiritsi. Chiyambire pamene boma la America linavomereza mankhwala a fluoxetine, odziwika ndi dzina loti Prozac, kumapeto kwa 1987, chiwerengero cha omwa mankhwala a matenda ovutika maganizo chakhala chikukwera. Ku England anthu oposa 8 miliyoni amalemberedwa mankhwalawa chaka chilichonse. Ku America, pakati pa 2015 ndi 2018, anthu akuluakulu 13 mwa 100 alionse ankamwa. Kwa zaka zambiri odwala ankauzidwa kuti vuto lawo n'kuchepa kwa serotonin mu ubongo, ndipo piritsi likubwezeretsa zimene zasowa. Mu 2022 gulu lotsogozedwa ndi Joanna Moncrieff wa ku London linaunikanso kafukufuku wa zaka zambiri, ndipo silinapeze umboni wodalirika woti matendawa amayamba chifukwa cha kuchepa kwa serotonin.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya maliro. Buku limene madokotala a ku America amagwiritsa ntchito podziwa matenda a maganizo, lotchedwa DSM, kale linkalangiza kuti munthu amene wangoferedwa asamafulumire kumuwerengera pa odwala. Mu 2013 langizo limeneli linachotsedwa. Kuyambira pamenepo, namfedwa amene watha masabata awiri asakudya bwino, asakugona, akulira, angathe kulembedwa kuti ali ndi matenda. Allen Frances, dokotala amene anatsogolera kulemba DSM ya m'mbuyo mwake, anadzudzula poyera kusinthaku. Kwathu masabata awiri ndi nthawi imene achibale akutali amakhala akubwerabe kudzapepesa. Munthu amene waika mwamuna wake kapena mwana wake n'kudzuka wosangalala pa tsiku la 15 ndi amene tingamudere nkhawa.

Pamenepa wina asamve molakwa. Mankhwalawa amagwira ntchito. Mu 2018 Andrea Cipriani ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 522 wokhudza anthu oposa 116,000, ndipo anapeza kuti mitundu yonse 21 imene anaiunika imathandiza kuposa piritsi lopanda mankhwala. Koma kusiyanako n'kwapakatikati, ndipo kwa munthu amene vuto lake n'lochepa phindu lake silioneka kwenikweni. N'chifukwa chake bungwe la WHO limalangiza kuti wovutika maganizo pang'ono asayambire pa mapiritsi, ndipo bungwe la NICE ku England linanenanso chimodzimodzi mu 2022. Mankhwalawa ali ndi zovuta zake: amitriptyline amaumitsa kukamwa ndi kugonetsa, fluoxetine angachititse nseru ndi kuchepetsa chilakolako cha m'banja. Ndipo amene wamwa kwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi angamve chizungulire, kusowa tulo ndi nkhawa, n'kuganiza kuti matenda abwerera.

Ku Highfield vuto silofanana ndi la ku London. M'lokeshonimu mapiritsi sachuluka. Chosowa ndi munthu wa nthawi yomvetsera. Cha m'ma 2005 dziko lonse la Zimbabwe linali ndi madokotala a matenda a maganizo osafika 20. Namwino wa pa kiliniki amene ali ndi mzere wautali panja amamva zoti mutu ukuwawa, n'kupereka panado, wodwala n'kubwereranso mwezi wamawa ndi mutu womwewo. Anthu a kumeneko vutoli amalitcha kufungisisa, kuganiza mopitirira. M'zaka za m'ma 1990, Melanie Abas ndi Jeremy Broadhead anacheza ndi amayi 172 a m'lokeshoni ina ya Harare, ndipo anapeza kuti pafupifupi 3 mwa 10 alionse anavutikapo ndi matenda a maganizo kapena nkhawa m'chaka chimodzi. Chofunika kwambiri pa zimene anapeza n'choti matendawo nthawi zambiri ankabwera pambuyo pa chinthu chachikulu chimene chawagwera, monga imfa, kunyozedwa m'banja kapena kupanikizika kopanda kothawira, ndipo zoterezi zinkagwera amayi a ku Harare kawirikawiri kuposa amayi a ku London amene anafunsidwa mafunso ofananawo. Chisoni chawo chinali ndi kochokera.

Apa ndi pamene Dixon Chibanda anayambira. Iye ndi dokotala wa matenda a maganizo ku Harare, ndipo amafotokoza yekha kuti mu 2005 wodwala wake wina anadzipha chifukwa banja lake linasowa ndalama ya basi yobwerera naye kuchipatala. Pasanapite nthawi yaitali anayamba ntchito ndi agogo aakazi 14 ku Mbare, amayi amene khonsolo ya mzinda inkawagwiritsa kale ntchito yolimbikitsa zaumoyo m'madera. Anaika benchi ya matabwa pabwalo la kiliniki. Imeneyi ndiyo Friendship Bench, imene kenako inafalikira m'makiliniki a khonsolo m'malokeshoni a Harare, ku Chitungwiza ndi ku Gweru.

Pa benchipo sipachitika zodabwitsa. Wobwera amafunsidwa kaye mafunso 14 amene Vikram Patel ndi anzake anakonza ku Harare komweko m'zaka za m'ma 1990, pogwiritsa ntchito mawu amene odwala eni ake amanena. Kenako agogo amamulola kuti akhuthule zonse zimene zili kukhosi, gawo limene amalitcha kuvhura pfungwa, kutanthauza kutsegula maganizo. Mavuto onse akatchulidwa, agogo sasankha. Mwini wake ndi amene amasankha limodzi loti ayambirepo. Mwina ndi fizi ya mwana, mwina ndi mmene angauzire mwamuna wake kuti wapezeka ndi kachilombo. Amaganizira limodzi njira zingapo, wodwalayo n'kutenga imodzi yoti akayese sabata imeneyo, ndipo akabweranso amakambirana mmene zayendera. Amakumana mpaka ka 6. Akamaliza angalowe m'gulu lotchedwa Circle Kubatana Tose, mmene anthu amalimbikitsana uku akuluka zikwama zogulitsa. Nzeru yake n'njoti munthu wopanikizika amaona mavuto ake onse ngati mtolo umodzi wa nkhuni woti sangaunyamule, koma akaumasula amapeza kuti chikuni chimodzi angachisenze.

Zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya zamankhwala ya JAMA mu Disembala 2016. Anthu 573 a m'makiliniki 24 a ku Harare anagawidwa m'magulu awiri. Ambiri anali amayi, ndipo pafupifupi 4 mwa 10 alionse anali ndi HIV. Patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi 14 mwa 100 alionse ndi amene anali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, pamene m'gulu linalo anali theka.

Manambala amenewa ndi okoma, koma tisawakometse kupyola muyeso. Kafukufukuyu sankapikisanitsa benchi ndi mapiritsi. Gulu lachiwirilo linkaonedwa ndi namwino, kupatsidwa uphungu wachidule, ndipo mankhwala ankaperekedwa pamene afunika. Odwala kwambiri, osokonezeka mutu kapena ofuna kudzipha sankasiyidwa m'manja mwa agogo okha koma ankatumizidwa kwa odziwa. Palinso ngozi imene ndimaiona: ngakhale mafunso 14 aja angathe kusandutsa umphawi kukhala matenda. Bambo amene fakitale yake inatsekedwa adzayankha kuti inde sagona, inde amaganiza kwambiri, inde amalephera ntchito zake. Benchi ingamulimbitse mtima, koma siibweza penshoni yake. Ndipo boma lililonse limene lingaone agogo olandira kangachepe ngati chifukwa chosagulira mankhwala kapena chosaphunzitsira anamwino a matenda a maganizo likhala likudyera masuku pamutu amayi amenewa.

Nanga banja lingasiyanitse bwanji chisoni cha masiku onse ndi matenda? Chisoni chimabwera n'kupita, munthu amadyako, amasekako mdzukulu akachita zoseketsa, ndipo chimapepuka akakhala ndi anzake. Matenda amakhazikika tsiku lonse, masiku onse, kwa masabata awiri kapena kupitirira. Munthu amasiya kusamba, kudya ndi kugwira ntchito, amadziona wachabechabe, amanena kuti bola kufa. Mayi amene wangobereka n'kumalephera kusamalira khanda chifukwa cha maganizo nayenso ali m'gulu limeneli. Oterewa asauzidwe kuti angolimba mtima kapena angopemphera. Apite nawo ku Highfield Polyclinic, ndipo zikafunika atumizidwe ku chipinda cha odwala maganizo pa Sally Mugabe Central Hospital ku Southerton kapena ku Annexe ya Parirenyatwa. Akapatsidwa mankhwala adziwe kuti amatenga masabata angapo kuti ayambe kuthandiza, kuti ayenera kumwabe kwa miyezi ingapo atapeza bwino, ndi kuti posiya amachepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala. Amitriptyline ndi woopsa akamwedwa mopyola muyeso, choncho m'nyumba mukakhala munthu wolankhula za kudzipha, mankhwalawo asunge wachibale.

Kusowa kwa mapiritsi a kuchipatala sikutanthauza kuti achinyamata a m'malokeshoni sakumwa mankhwala pofuna kuiwala. Mankhwala a chifuwa a BronCleer, amene ali ndi codeine, komanso mankhwala ozunguza bongo otchedwa mutoriro, awononga anyamata ambiri osowa ntchito ku Harare. Kumeneku n'kuziziritsa chisoni ndi mankhwala kumene kulibe dokotala woletsa.

Makolo athu amene anafika ku Salisbury opanda abale anayambitsa mabungwe a maliro kuti mnzawo akamwalira asaikidwe ngati mlendo, ndi kuti wamasiye apeze omugonera pasiwa. Mabungwe amenewo alipobe, pamodzi ndi amayi a Chigwirizano ndi magulu a ku mzikiti, ndipo ndi amene amafika pakhomo pa namfedwa chipatala chisanadziwe kuti kwagwa zovuta. Anthu amenewa ataphunzitsidwa zizindikiro zoopsa zija, akhoza kukhala oyamba kuona kuti uyu akungolira mwamuna wake, koma uyu wafunika namwino lero lomwe. Njira ya benchi yayesedwa kale ku Zanzibar, ku New York, ndi ku Lilongwe m'makiliniki a anthu omwa ma ARV. Kwa ife a ku Malawi, kumene munthu wa ku Nsanje kapena ku Mchinji akadwala kwambiri maganizo ulendo wake umathera ku Zomba Mental Hospital, ntchito imene ilipo n'kuika anthu ophunzitsidwa kumvetsera pa chipatala chaching'ono chilichonse, ndi kuonetsetsa kuti mu famase muli fluoxetine wa amene akumufunadi.