Zotsekemera Zopanda Shuga ndi Kunenepa kwa Thupi

M'chaka cha 1879, Constantin Fahlberg, katswiri wa mankhwala amene ankagwira ntchito ku Johns Hopkins University mumzinda wa Baltimore, atabwerera kunyumba nakhala pansi kuti adye, anazizwa kumva buledi wa m'manja mwake akutsekemera koposa, ndipo pofufuza anapeza kuti kukomako kunachokera ku mankhwala amene anatsalira pa zala zake. Umo ndi mmene inatulukira saccharin, imene kutsekemera kwake kuposa kwa shuga pafupifupi ka 300, chikhalirecho siipatsa thupi mphamvu iliyonse. Aspartame nayo inadziwika mwangozi mu 1965, pamene James Schlatter, pofunafuna mankhwala a zilonda za m'mimba, ananyambita chala.

Anthu analandira zotsekemerazi ndi manja awiri, poganiza kuti tsopano adzamva kukoma osalipira mtengo wake wa kunenepa. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pakuti ngakhale lilime linyengeka msanga, njala ya munthu sinyengeka, ndipo ena akamwa chakumwa chopanda shuga amadziyesa olungama, nadzipatsa mphotho ya mandasi awiri, kotero kuti chimene anapulumutsa m'botolo chimabwerera kudzera m'mbale. Mu May 2023 bungwe la World Health Organization, litasanthula kafukufuku wambiri, linalangiza kuti zotsekemerazi zisagwiritsidwe ntchito pofuna kuchepetsa thupi, popeza phindu laling'ono looneka m'miyezi yoyamba silioneka kuti likhalitsa, ndipo ozidya zaka zambiri anapezeka kawirikawiri ndi matenda a shuga ndi a mtima. Apa tisafulumire kuweruza, chifukwa mwina onenepa kale ndiwo amathamangira zakumwa zotere. Bungwelo linapereka langizoli mosamala, ndipo silikhudza odwala kale matenda a shuga.

Nanga zachilengedwe? Stevia, tsamba limene mtundu wa Guaraní ku Paraguay wakhala ukutsekemeretsa nalo zakumwa kuyambira kalekale, inawerengedwa pamodzi ndi zinzake m'langizo lomwelo. Uchi, ngakhale tiulemekeza chotani, m'thupi ndi shuga basi. Chotsala ndi chipatso chodyedwa chathunthu, monga mango, masuku, nthochi kapena papaya, chimene shuga wake amabwera atakulungidwa m'minyewa ndi madzi, nalowa m'magazi pang'onopang'ono, munthu atakhuta kale.

Ine ndiona kuti nkhondo yeniyeni ili pa chizolowezi cha lilime, chimene chimaphunzitsika, pakuti wochotsa theka la supuni m'tiyi wake sabata ndi sabata amafika pomva tiyi wakale uja ngati wolowa shuga mopyola. Muyeso umene bungwe lija linaika mu 2015 kwa munthu wamkulu ndi magalamu a shuga osafika 50 pa tsiku, ndiwo masupuni aang'ono 12. Tsono womwa makapu atatu a tiyi, kapu iliyonse masupuni atatu, watha kale 9 phala asanalithire kanthu.