Maluwa omera okha: tisawapalire onse

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, pabwalo ndi m'mphepete mwa dimba mumamera timbewu tambiri tomwe palibe anafesa. Khasu limafulumira kutitcha udzu. Komatu pakati pake pali bonongwe ndi luni, ndiwo zathu zakale, ndiponso ana a maluwa a chaka chatha: marigold, zinnia, cosmos ndi mpendadzuwa. Njere zawo zinagwa mu chilimwe, n'kugona m'fumbi mpaka chinyezi chitazidzutsa.

Kuwazindikira sikuvuta. Marigold mukatikita tsamba lake amanunkha. Cosmos ali ndi masamba opyapyala ngati ulusi. A zinnia amakhala awiriawiri moyang'anana, okhakhala pang'ono. Pomwe amera mothinana tipatulire, ndipo ozulidwawo tiwaokere madzulo nthaka ili yonyowa. Cosmos sakonda kusamutsidwa atakula.

Ena amati maluwa sadyedwa. N'zoona, koma amaitana njuchi, ndipo dzungu lomwe njuchi sizinafikepo limayoyola tizipatso take. Marigold amachepetsanso tinyongolotsi ta m'nthaka totupitsa mizu ya matimati. Apa ambiri amalakwitsa: mitengo iwiri pakona ya bedi sichita kanthu. Bedi lonse lidzale marigold kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenako matimati alowe m'malo mwake.

Zinnia amachita maluwa pakatha pafupifupi miyezi iwiri chimerereni. Choncho omera mu Disembala amakhala atachanua pamene alendo adzaza Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, Loweruka lomaliza la Febuluwale, ndipo amapitirirabe mpaka Isitala, pomwe tchalitchi lililonse lifuna maluwa. Tidule m'mamawa dzuwa lisanatenthe, ndi mpeni wakuthwa, titanyamula ndowa ya madzi kuti phesi lilowemo nthawi yomweyo. Masamba am'munsi tichotse, pakuti akamira amaola ndi kununkhitsa madzi. Zinnia tidule pokhapokha phesi litalimba, apo ayi duwa limawerama. Cosmos tidule akungoyamba kutseguka. Madzi tisinthe tsiku lililonse.

Kudula kumachulukitsa nthambi, koma tisamalize onse. Mvula ikamatha mu Epulo, mitu yokongola koposa tiisiye iume pamtengo, njere zina tisunge m'pepala. Amene munagula mbewu ya hayibulidi ku Chipata musadabwe ana ake akasiyana mtundu ndi makolo awo.